Wotsala wa Sitima ya Perpetua

Fereej Bin Omran, Doha
11 February 2018

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali a Lucia ndi mlongo wanga Rex. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya mwezi uno yatipatsa chimfine tonse m'fulati muno. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eti? eti?" mpaka mayunitsi kutha. Azakhali akuwerengereni mokweza, kukhutu lakumanzere lija.

Ababa, ndili ndi nkhani. Paja ndinakuuzani kuti ndinasiya ku hotela, tsopano ndine wolandira alendo ku myuziyamu imene kampani ina ikutsegula ku Msheireb. Adzaonetsamo mbiri ya sitima zonyamula mafuta. Katundu wake akadali m'weyahausi ku Ras Abu Aboud, kufupi ndi kumene akumanga sitediyamu. Sabata yatha bwana wathu, a Maltby, mzungu wa ku Mangalande, anatitengera kumeneko kuti tiphunzire zodzauza alendo.

Anatiimika patsogolo pa belu lalikulu, chiwongolero ndi chitseko chachitsulo, n'kuti izi ndi zotsala za imodzi mwa sitima zakale zimene zinkanyamula mafuta m'mimba mwake m'malo mwa m'migolo. Akuti anaikhoma ku Sikotilandi mu 1911. Inkapititsa palafini ku India, inapulumuka nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija, ndipo inagulitsidwa kangapo n'kumasintha dzina ngati mkazi wokwatiwakwatiwa. Itakalamba, mu 1968, inayamba kuzembetsa mfuti kupita ku nkhondo ya ku Biafra, mabokosi atabisidwa m'thanki yopanda mafuta. Inadzathera kuno ku Gulf, ili nkhokwe ya mafuta yongoyandama, mpaka anaiphwasula.

Ndiye anatchula dzina lake lomaliza. Perpetua, Ababa! Dzina lija mwakhala mukulitchula chibadwire changa, anthu a pamsika wa Balaka n'kumakusekani kuti Kaputeni Kachasu wayambapo.

Kenaka anatulutsa chithunzi cha antchito a m'sitimayo. Pakati paima kaputeni, amene ndi agogo awo a bwana wathuwa. Chakumapeto kwakhala pansi anthu akuda asanu, opanda mayina. Wachiwiri kuchokera kumanja ndinu. Mpata wa m'mano ndi womwewo, ndipo manja anu ali pamaondo, zala zonse zili bwinobwino. Ndinali ndisanaonepo zala zanu, Ababa.

Nditawauza a Maltby anangotsala pang'ono kugwa. Akuti akhala akufufuza zaka zambiri ndipo ankayesa kuti a m'sitimayo anatha onse. Akufuna mubwere kuno mu November pa tsiku lotsegulira, mudzaimbe belulo ndi kugwirana nawo chanza pamaso pa akuluakulu. Tikiti alipira okha.

Yankhani msanga. Mundiuzenso ngati malata a kukhitchini aja anakhomedwa.

Ndine mwana wanu,
Jemimah


Balaka
18 Malichi 2018

Wokondedwa Jemimah,

Wolemba ndine zakhali ako Lucia, koma mawu ndi a bambo ako. Akuti ndisasinthe kanthu.

Mwana wanga, moni. Kuno tadzuka, malata anakhomedwa, mvula yatha bwino. Pachithunzipo ndine amene. Enawo ndi Saidi wa ku Liwonde, Everson wa ku Luchenza, Juwawo wa ku Tete ndi Matiki, amene kwawo sanatiuze. Ukawauze abwana ako alembe mayina amenewo.

Ndinachoka kuno mu 1965, ndinatsata njanji mpaka ku Beira. Perpetua inatitola padoko kumeneko. Tinali mafayamani, osonkha moto wa maboyila pansi penipeni pa sitima, kumene munthu sudziwa ngati kunja kwacha. Za mfuti sanatiuze. Tinangozindikira poona kuti sitima yamafuta ikuyenda yopepuka, koma azungu akugona ndi mabasitole.

Titayandikira kumene mtsinje waukulu wa ku Nigeria umathira m'nyanja, sitima yankhondo inationa. Kaputeni Maltby anatsika yekha kudzatiuza kuti tikoleze moto wonse, tithawe. Tinakoleza. Atakwera tinamva chitseko chikutsekedwa ndi mpiringidzo kunja. Tinayesa kuti akutiteteza. Chonsecho iye ndi azungu anzake ankatsitsa kaboti kumbali inayo. Ankafuna sitima izithamangabe kuti asilikali aziilondola iyo, iwo akulowa m'mitengo ya m'mphepete. Sitima siithamanga yokha, pamafunika anthu pamoto, ndipo anthu pamoto amathawa ngati chitseko chili chotsegula.

Bomba linagwa pamwamba pathu, paipi ya nthunzi n'kuphulika. Nthunzi siwotcha ngati moto, mwana wanga, imaphika. Tinamenya chitseko ndi masipanala mpaka Everson anagwa, kenaka Juwawo. Ine ndinagwira gudumu lotsekera nthunzi ndi manja awiri, ndipo khungu linatsala pomwepo. Makutu anafera tsiku lomwelo. Matiki anamwalira akuitana dzina la mkazi. Saidi anakhalitsa, ankandipempha madzi, ine ndilibe chogwirira kapu. Amene anadzatitsegulira ndi asilikali omwe ankatiwomberawo. Anandisunga m'ndende yawo, ananditsuka mabala, pambuyo pake ananditumiza kwathu.

Ukapita kumene kuli chitsekocho, ukachiyang'ane kumbuyo.

Mdzukulu wa kaputeni alibe mlandu, anali asanabadwe. Koma kubwera sindibwera. Belu limenelo linkaitana azungu kokadya, ife sitinkalimva n'komwe. Ndakalamba, ndisiyeni ndikhale pakhonde langa. Amene ankandiseka aziseka, ndinazolowera.

Ndine bambo ako,
Overton Kanjala


Fereej Bin Omran, Doha
9 April 2018

Rex,

Moni mlongo wanga, ndikhulupirira uli bwino. Kalata iyi ndi yako wekha. Usawawerengere Ababa, ndipo azakhali asaione.

Yankho la Ababa ndalandira. Chitseko ndachiyang'ana, kumbuyo kwake kuli maenjemaenje. A Maltby amati ndi zipolopolo. Ine sindinatsutse, wolandira alendo salembedwa ntchito yotsutsa.

Tamvera bwino. Kontirakiti yanga ikutha mu December, ndipo mwa atsikana tonse a pa risepushoni adzarinyuwa awiri okha. Chiwauzireni za Ababa, a Maltby amandipatsa moni potchula dzina, andisuntha kundiika pa desiki yakutsogolo, ndipo anthu a ku ofesi yaikulu abwera kudzandijambula. Ndinawauza kuti Ababa atamva nkhaniyi analira ndi chimwemwe. Khalas, zatha basi, mawu anatuluka kale. Ndikabwerere kukanena kuti agogo awo anaphika anthu m'sitima? Mawa lake ndili pa eyapoti ndi chikwama.

Matikiti ndi awiri, ya Ababa ndi ya wowaperekeza. Wowaperekezayo ndiwe. Wakhala ukundilirira viza zaka zonsezi, nayi yadzibweretsa yokha. Ukangoponda kuno ndidzakulankhulira ntchito ya sekyulite. Koma udziwe kuti popanda Ababa palibe tikiti yako.

Ndiye uone chochita. Azakhali ndi amene amawalimbitsa mutu, uwatalikitse. Uwatengere ku Blantyre akapangitse pasipoti. Uwaphunzitsenso timawu tingapo ta Chingerezi, kuti kaputeni anali munthu wolimba mtima ndipo iwo akuthokoza. Za chitsekozo azisiye ku Balaka. Anzawowo anafa kalekale, ndipo palibe mbale wawo amene anabwerapo kudzafunsa.

Suti yawo ndagula kale, ya buluu. Ndikutumizira ndi zoyendera. Yalla, fulumira, usagone.

Jemimah


Balaka
25 June 2018

Achemwali,

Moni, kuno zili bho. Pepani kuchedwa kuyankha, ntchito munandipatsayi ndi ya mtima bii.

Madala anakanitsitsa poyamba. Ndiye ndinawauza azakhali kuti denga la nyumba ya madala likufunika kukonza, madalawo ndinawasamutsira kwanga kuseri kwa depoti. Chitseko cha kuchipinda ndimakhoma ndikamachoka, chifukwa tsiku lina ndinawapeza ali pamsewu ndi ndodo yawo. Azakhali akabwera ndimati agona.

Za pasipoti zinativuta koma mukanakhalapo mukanaseka. Makina otengera zidindo za zala anawakana. Mtsikana wa pamenepo akuti, "Agogo, tambasulani zala." Madala n'kumuonetsa zibakera zawo zija, akuti, "Zinatsala ku Nigeria." Mzere wonse kuphulika kuseka. Anatiuza kuti tibwerenso ndi kalata ya dokotala, ndiye tayenda maulendo angapo. Ulendo womaliza tinagona pabenchi ku depoti ya Wenela kuti tisawononge za resitihausi. Kunali chiperoni, ndipo chibwerereni akumakhosomola. Musade nkhawa, theka la chifuwacho ndi chonamizira. Ndikawayang'ana amakhosomola kwambiri.

Sukulu ya Chingerezi ikuyenda. M'mawa uliwonse phala lisanafike ayambe anena kuti, "The captain was a brave man, thank you sir." Akanena bwino adya. Akayamba za Saidi ndi Juwawo ndimabweza mbale kukhitchini. Masiku oyamba ankalolera kukhala ndi njala mpaka madzulo, koma mimba ilibe mbiri yakale. Dzulo anena kawiri osalakwitsa, atatha anatembenukira kukhoma. Fodya wawo wa m'mphuno ndikusunga ine, ndiye mphoto ya Loweruka.

Suti ija ikuwakulira, aonda. Ndinaiyesa ine ikundikwana ndendende.

Funsani ngati a sekyulite kumeneko amapatsidwa nyumba ndi yunifomu. Ndiponso foni yanga yang'aluka sikirini, mukudziwa kale.

Mlongo wanu,
Rex


Balaka
14 Julayi 2018

Jemimah,

Ndine Lucia. Rex wapita kokaonera mpira, ndipo mkazi wake wandichitira chifundo n'kunditsegulira. Ndikulemba nditatsamira pabondo, usadabwe ndi zilembo. Bambo ako akuti:

Mwana wanga, moni. Ine sindili bwino. Chifuwa chikutulutsa magazi ndipo m'chipinda muno mulibe zenera. Chitseko chikatsekedwa kunja ndimamva fungo la mafuta, ngakhale ndikudziwa kuti kuno ndi ku Balaka.

Ndikudziwa kuti iwe sukudziwa zimene mlongo wako akundichita. Iwe unangosangalala poona chithunzi, si mlandu. Koma Rex waona ulendo, ndipo maso ake sakuonanso china. Akundiyankhulitsa mawu otamanda munthu uja. Ndawanena, mwana wanga, chifukwa cha njala. Saidi andikhululukire.

Ndiwe wamkulu, Rex amamvera iwe. Mawu ako amodzi akwanira. Umuuze kuti ulendo wafa, andibweze kwanga. Sindikupempha ndalama kapena mankhwala. Ndikufuna khonde langa basi.

Atero bambo ako. Ine ndikuwonjezera kuti ndapita kwa abusa, Rex anawauza kuti mdalayu wasokonezeka mutu ndipo akumutsekera kuti asagundidwe ndi galimoto. Palibe akundimvera. Kalatayi ndapatsira Grayson, mwana wa a Nachisale amene amayendetsa galimoto kwanuko. Holide yake yatha, anyamuka mawa. Ndamuuza akupatse m'manja.

Zakhali ako,
Lucia


Fereej Bin Omran, Doha
22 August 2018

Rex,

Moni. Bwanji uli zii? Pasipoti inatuluka? A Maltby akufuna manambala ake kuti agule matikiti, ndipo akufunanso kakalata kochokera kwa Ababa koti akaike m'kabuku ka tsiku lotsegulira. Kakhale kachimwemwe.

Pali nambala ina yachilendo ya ku Malawi ikungondiimbira sabata ino. Ngati ndi azakhali, uwauze kuti pa shifiti sitiloledwa mafoni. Ndilibe nthawi ya madandaulo, kuno kukutentha moti munthu sungaganize.

Jemimah


Balaka
10 September 2018

Mwana wanga wokondedwa Jemimah,

Moni wa mafuta. Ine ndili bwino kwambiri, chifuwa chinatheratu ndipo ndanenepa. Ndikuthokoza Rex amene akundisamala usiku ndi usana, ndi mnyamata wodalirika woyenera ntchito iliyonse. Ndikuwerenga masiku kuti ndidzaone belu la sitima yanga yokondedwa. Kaputeni Maltby anali ngati bambo wathu. Uwauze abwana atumize matikiti msanga, ndipo ya Rex ikhale payokha kuti mwina ine nditachedwa iye atsogole.

Ndine dadi wako,
Overton


Fereej Bin Omran, Doha
19 November 2018

Okondedwa Azakhali,

Ndikulemba ndi misozi. Muli bwanji kumeneko? Ine kuno mtima wasweka.

Lachitatu lapitalo ndinapita ku eyapoti ndi galimoto ya kampani ndi maluwa. Anatuluka ndi Rex yekha, atavala suti ya Ababa. Ndikumufunsa kuti Ababa ali kuti, iye akuti, "Achemwali, tiyeni tikwere kaye galimoto." M'galimotomo ndi mmene anandiuza kuti Ababa anatisiya mu August. Miyezi itatu, Azakhali, ine ndikugula mabulangete oti adzafunde kuno! Kakalata ka mu September kaja analemba yekha. Ndinamumenya mbama dalaivala akuona. Mwana ameneyu ndi chilombo.

Koma nanga ndikanatani? Mwambo wotsegulira unali Loweruka, makadi oitanira anthu anapita kale. A Maltby nditawauza analira zenizeni, kenaka anati mwana wamwamuna alankhule m'malo mwa bambo ake.

Rex analankhula, Azakhali. Holo yodzaza ndi akuluakulu a mikanjo yoyera ndi azungu, iye ataima pafupi ndi chitseko chija. Anati Ababa ali pafupi kutsirizika anamugwira dzanja n'kumuuza kuti sitima itaphulitsidwa, Kaputeni Maltby anatsika yekha m'moto n'kuwabereka kumsana. Zimenezo sindinamuuze ine, anazipeka pomwepo. Azimayi ena anapukuta misozi. A Maltby anamukumbatira, awiriwo anaimba belu limodzi, anthu n'kuwomba m'manja nthawi yaitali. Ine ndinali kumbuyo ndi thireyi ya majuwisi.

Dzina la Ababa tsopano lili pansi pa chithunzi, ngakhale analemba kuti Kanjara. Enawo anangoti antchito a ku Africa. Rex amulemba usekyulite m'holo yomweyo, ine andirinyuwa zaka ziwiri. Mwina Mulungu anafuna kuti Ababa atisiyire kenakake.

Kalata yanu ya mu July ija inandipeza mochedwa. Grayson anaiiwala m'chikwama, wandipatsa mwezi wathawu. Ndikanaiona nthawi yake, bwenzi nditaimitsa zonse tsiku lomwelo. Inunso Azakhali, zoona munalephera kupeza njira yondiuzira za maliro?

A Maltby akufuna kugula mwala wa chiliza, wakuda wonyezimira, wojambulapo sitima ndi mawu akuti "Mtumiki wokhulupirika wa Perpetua." Munditumizire muyezo wa manda. Inshallah ndidzabwera pa Isitala tidzauike.

Ndine mwana wanu wolira,
Jemimah


Balaka
16 Disembala 2018

Jemimah,

Kalata yako ndalandira. Wafunsa za moyo wanga, ndili moyo.

Popeza sunafunse mmene bambo ako anafera, ndikuuza ndekha. Tsiku limene Rex anapita ku Blantyre kukatenga pasipoti, mkazi wake anasiya chitseko chosakhoma, kaya mwadala kaya moiwala. Bambo ako anatuluka opanda nsapato, kulunjika kwawo. Sanafike. Amayi ogulitsa makala anawapeza atagwa m'mbali mwa njanji, anawakweza pa wilibala n'kubwera nawo kwa ine. Ndinawanyamula ndekha kuwaika pamphasa. Munthu wamkulu uja ankalemera ngati mtolo wa mapesi.

Anakhala masiku awiri. Akatsegula maso funso linali limodzi: "Jemimah wayankha?" Ndinapita kwa abusa kukabwereka foni. Ndinakuimbira m'mawa, masana, madzulo. Inkaitana, kenaka n'kudulidwa. Foni yongoitana yokha ndimaidziwa, yodulidwa ndi chala ndimaidziwanso. Ndinkabwerera n'kuwauza kukhutu kuti netiweki ikuvuta. Iwo ankati, "Ayankha ameneyo, ndi mwana wabwino. Sakudziwa chabe." Anapita akukuikira kumbuyo. Atatsirizika ndinaimbanso, unadulanso.

Pamaliro Rex anaimirira n'kuuza anthu kuti uthenga waulandira koma abwana akukaniza tchuthi. Anthu anakumvera chisoni. Ena a pamsika amene ankawaseka aja ndi amene anakumba manda.

Tsopano za Grayson. Kontirakiti yake inatha, anabwera sabata yatha, ndipo anafika kuno kudzapepesa maliro. Ndinamufunsa chifukwa chimene anasungira kalata ya munthu wodwala miyezi itatu. Mnyamatayo anadabwa. Akuti atangofika mu Julayi, asanapite n'komwe kogona, anakwera takisi mpaka ku fulati kwako. Akuti unaitsegula iye ali pomwepo, unaiwerenga mpaka pansi, unaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa rimoti. Kenaka unamufunsa ngati wabweretsa chambiko ndi ufa woyera umene unamutuma.

Ndiye usamutche Rex chilombo. Galu amaluma amene mwini wake wamulozera.

Mpando wa pakhonde ndapatsa mkazi wa Rex, amene wabwerera kwawo ku Ntcheu ndi ana. Nyumba ndakhoma, makiyi ali ndi ine. Pa Isitala usavutike, kuno kulibe wokulandira.

Muyezo wa manda sindikutumizira. Pamandapo pali mtanda wa thabwa, ndinalembapo ndekha ndi penti dzina lawo, molondola. Mwala wa mzunguyo sudzafika pamutu pa mlongo wanga ine ndili moyo. Ndikadzafa, inu awiri mudzachite monga munazolowera.

Lucia Kanjala